Valavu Yofiira Mbali ya Mpando

Linali Lachinayi, mwezi wa Julaye, chiperoni chitagwira Limbe kuyambira m'mawa. Pofika 5 koloko a m'mashopu anali akutsitsa zitseko zachitsulo, mavenda akumanga mitolo, oitanira minibasi mawu atasasa. A Chrispine Zuze okha ndiwo sanatseke. Kashopu kawo kali m'kanjira ka kuseri, pakati pa wosoka nsapato ndi wodula makiyi. Chikwangwani chinafufutika kalekale, koma amene wailesi yamuvuta amawapezabe.

Bambowa ndi a ku Nsanje. Anabwera m'tauni kudzagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata, ndipo zamagetsi anaziphunzira kumeneko. Munthu wake ngwouma mutu, sakhulupirira chinthu chimene mita yawo yoyezera magetsi singayeze. Ukawauza za ndege za afiti, amangokufunsa kuti zimamwa mafuta anji. Ndiye zimene ndikunenazi musaganize kuti zinaoneka kwa munthu wamantha.

Madzulo amenewo patebulo pawo panali ampu, chokuzira mawu a gitala, ya a Peterson Sandalamu, oimba akale. Si zapulasitiki za masiku ano zimene ungatenge ndi dzanja limodzi. Ndi chibokosi cha thabwa, cholemera ngati thumba la simenti, cha nthawi ija oimba ankazungulira mahotela a mu Blantyre atavala masuti ofanana. Kumbuyo kwake kuli mavalavu, timabotolo tagalasi toyaka kamoto m'kati. Ting'onoting'ono tilipo titatu, koma akuluakulu ndi awiri, ndipo amenewa ndiwo amapereka mphamvu ku sipika. Amagwira ntchito mothandizana, ina ikamakankha ina ikukoka, monga anthu awiri ocheka matabwa. Imodzi ikafooka, nyimbo yatha.

A Peterson ndi a Zuze ndi anthu amene anadyera limodzi unyamata. Kwa zaka zoposa makumi atatu, ampuyo ikangotsokomola, a Peterson ankabwera nayo okha. Ankakhala pakampando kathabwa kamene kali kumanzere kwa tebulo, cha ku chitseko, n'kumalangiza mmisiri ntchito imene iwo sankaidziwa n'komwe. Koma mwezi wa Febuluwale anadwala sitiroko. Dzanja lamanzere linafa, mwendo ukukana, mawu akutuluka molemera. Kuyambira pamenepo anali munthu wogona, kunyumba kwawo ku Mpingwe.

Amene anabweretsa ampu tsiku limeneli anali mwana wawo Alefa, amene amagwira ntchito mu ofesi ina ku Sunnyside. Ukwati wake unali Loweruka lomwelo. Ali wakhanda, bambo ake anam'pekera nyimbo yopanda mawu, ya gitala yokhayokha, ndipo analonjeza kuti tsiku la ukwati adzamulowetsa nayo muholo. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Atadwala, a Peterson anavomera mokakamizika kuti nyimboyo aimbe a Roy, oimba gitala a ku tchalitchi kwawo. Koma pa chinthu chimodzi sanasunthe: mawu atuluke mu ampu yawo, osati m'zimasipika zobwereka. Tsono ampuyo inkati ikaimba pang'ono, fyuzi n'kupsa.

Alefa anafotokoza zonsezi ataima pakhomo, maso ali pansi. Anati bambo ake sakudya bwino chifukwa cha nkhani imeneyi.

"Ankolo, ampuyi ikapanda kulira Loweruka, adadi sabwera kuholo. Anena okha."

A Zuze anamuuza kuti apite akakonzekere zaukwati, zachitsulo azisiye kwa eni ake. Koma mtima wawo sunali m'malo. Mavalavu a mtundu umenewo simungawapeze ku Limbe kapena m'tauni. Oitanitsa ku Joni amatenga masabata atatu. Kunali awiri omwewo basi, opanda ina yapadera, ndipo masiku anali atatsala awiri.

Anayamba monga amayambira nthawi zonse, ndi maso. Anazula valavu iliyonse n'kuiyang'ana pa getsi. Pamwamba pa galasi pamakhala kabanga konyezimira ngati siliva. Kakayera ngati ufa ndiye kuti mwalowa mphepo, valavu yafa. Onse awiri anali onyezimira bwinobwino. Anapukuta timiyendo take, n'kubwezera iliyonse mu soketi yake, n'kuika fyuzi yatsopano. Anaonetsetsa kuti sipika njolumikiza, chifukwa ampu yotere ukaiyatsa popanda sipika umaiwononga wekha.

Kenaka anadikira mdima. Si ulesi ayi, ndi mmene ntchitoyi imagwiridwira. Valavu yabwino imayaka kamoto kakang'ono pakati, ngati ndudu. Yodwala imayamba kufiira chitsulo chonse cham'kati, ndipo kufiira kumeneku kukamayamba sikuoneka pa kuwala. Ukadzakuona masana ndiye kuti wachedwa. Valavu yofiira choncho imakhala ndi mphindi zowerengeka, kenaka imafa.

Itakwana 6 koloko kunja kunali kutada, nkhungu itatsika mpaka m'kanjira. A Zuze anakhoma chitseko, anazimitsa getsi, analowetsa dzanja lamanzere m'thumba. Limenelo ndi lamulo la ntchito: m'kati mwa ampu mumalowa dzanja limodzi, kuti magetsi akakugwira asadutse pamtima. Ndi lamanja anayatsa swichi.

Timoto tiwiri tinayamba kuoneka. Sipika inang'ung'udza chapansipansi. A Zuze anatenga kandodo kansungwi n'kugogoda valavu iliyonse pang'ono. Valavu imene zam'kati zamasuka imayankha mu sipika, koma apa panalibe yoyankha. Anapitiriza kudikira, akuwerenga chamumtima. Atafika pa makumi asanu ndi limodzi, valavu ya kumanzere inayamba kusintha. Poyamba kabanga chabe. Kenaka chitsulo chonse psuu, ngati khala la pa mbaula. Anazimitsa msanga.

Apa ndiye pali nzeru yonse ya ntchitoyi, ndipo njosavuta. Umasinthanitsa mavalavu. Kufiira kukatsatira valavu, yodwala ndi valavuyo. Kukatsala pomwepo, vuto lili mu soketi kapena m'mawaya a pansi pake. Njira ndi ziwiri zokhazo, ndipo kwa zaka zonsezi a Zuze anali asanaonepo yachitatu.

Anayatsa getsi, anadikira kuti magalasi azizire, analemba kamtanda pa tsinde la valavu imene inafiira ija, n'kuisinthanitsa ndi inzake. Anazimitsanso getsi. Dzanja m'thumba. Swichi.

Kunafiiranso kumanzere, pa valavu yopanda mtanda.

Anamwetulira mumdima momwemo. Nkhani inali yabwino. Mavalavu ali moyo, chodwala ndi soketi, ndipo zimenezo ndi za waya ndi mtovu, zopezeka m'kabati. Anazula pulagi kukhoma, anatsitsa magetsi amene amatsalira m'kati ampu ikazima, anamasula zomangira n'kutulutsa chitsulo chonse chokhala ndi mavalavu m'bokosi muja. Anachiika patebulo, waya wa sipika ali chilumikizire.

Anayeza ndi mita. Soketi ya kumanzere, soketi ya kumanja, kamwendo ndi kamwendo. Manambala anali ofanana ndendende. Panalibe chopserera, panalibe waya womasuka, panalibe ngakhale fungo. Anang'ung'udza kuti chinthu sichingafiire chopanda chifukwa. Anawotchereranso mfundo zonse za soketi yokayikitsayo kuti mtima ukhale pansi. Pofuna kufikira bwino mawaya ena, anatembenuza chitsulo chija, kumbuyo kukhala kutsogolo, ndipo atamaliza anachisiya momwemo. Choncho soketi yokayikitsa ija tsopano inali kumanja.

Getsi. Dzanja m'thumba. Swichi.

Kunafiira kumanzere.

Anazimitsa. Choyamba anadzikayikira okha, kuti mwina ukalamba wayamba. Anayatsa getsi, analemba chizindikiro pa soketi, anatembenuzanso chitsulo, anayesanso. Kumanzere. Valavu ina, soketi ina, koma mbali yomweyo. Ndipo ulendo uno sanafike n'komwe pa makumi atatu powerenga. Zinawapweteka mumtima, chifukwa kuyesa kulikonse kunali kudya moyo wa mavalavu amene anafunika kufika Loweruka.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anapukuta manja, anadzifunsa monga mmisiri: ngati si valavu, si soketi, nanga kumanzere kuli chiyani chimene kumanja kulibe? Anayang'ana. Kunali chitseko. Pansi pake pankalowa kamphepo, koma mphepo imaziziritsa, siwotcha. Anatsekapo ndi chiguduli, kungoti achotse chikayiko. Kunali kalendala pakhoma. Kunali shelefu ya mawailesi amene eni ake anawaiwala. Ndipo kunali kampando kaja.

Anaseka pang'ono, n'kukakankha ndi phazi kuti kachoke panjira.

Sikanasunthe.

Kampando kameneka n'kopepuka, amakanyamula ndi zala ziwiri akamasesa. Anakakankhanso mwamphamvu. Kanangolira pa simenti, gwii, n'kuima. Anawerama n'kukagwira ndi manja onse, m'miyendo. Kanali kolemera monga kamalemerera pakakhala munthu. Chala chawo chinakhudza thabwa la pamwamba. Linali lofunda, usiku wa chiperoni, m'chipinda chimene munthu sanakhalemo pansi tsiku lonse.

Wina akanatsegula chitseko n'kuliyatsa liwiro mpaka ku siteji. Osati a Zuze. Mantha anali nawo, asaname munthu. Koma funso linali lisanayankhidwe, ndipo iwo funso losayankhidwa limawavuta kuposa mantha. Anakoka kampandoko pang'onopang'ono, msana ukuwawa, kuzungulira kumbuyo kwawo mpaka kumanja kwa tebulo. Chitsulo sanachikhudze. Mavalavu sanawakhudze. Chimene anasintha ndi chimodzi chokha, monga lamulo limanenera.

Anazimitsa getsi. Dzanja linalowa lokha m'thumba.

Timoto tiwiri. Kung'ung'udza kwa sipika. Kunja galimoto inadutsa patali, kenaka zii.

Kunafiira kumanja.

Chala chinali pa swichi, koma sichinadinikize. Sadziwa chimene chinawachititsa, anatola kandodo kansungwi kaja n'kugogoda galasi lofiiralo kawiri. Ngo, ngo. Sipika inakhala chete kanthawi. Kenaka inayankha kanayi, mosathamanga, motalikirana bwino. Ngo. Ngo. Ngo. Ngo.

Kugogoda kumeneko ankakudziwa. Ndi mmene a Peterson ankawerengera gulu lawo nyimbo isanayambe, kumenya gitala ndi mphete ya kuchala.

Ndipo nyimbo inayamba. Inali yapansipansi, ngati ikuchokera m'nyumba ya aneba. Mu ampu munalibe gitala, munalibe waya uliwonse wolowa. A Zuze anaganiza za wailesi, poti maampu akale nthawi zina amatola mawu a wailesi mumphepo. Anapotokola chokwezera mawu mpaka pa ziro. Nyimbo sinasinthe. Kunkamveka ngakhale kukhwekhwereza kwa zala zikamatsetsereka pa nsambo. Inali nyimbo ya Alefa. Anaimvapo kambirimbiri m'shopu momwemo, chifukwa a Peterson ankayesera imeneyo nthawi zonse ampu ikakonzedwa. Pakati pake pali malo ena pamene nyimbo imachita ngati yapunthwa, kenaka n'kudzuka. Palibe wina amene ankapatha pamenepo.

M'chipindamo munamveka fungo la mafuta opaka odwala, aja otentha. A Zuze sanatembenuze khosi. Anangoyendetsa diso. Pa kuwala kofiira kuja panali bondo. Panali phewa lowerama. Panali dzanja lamanzere m'malere, zala zikuyenda.

Galasi linayamba kulira, thi, thi, chifukwa cha kutentha. Anadinikiza swichi. Nyimbo inaduka pakati.

Mumdima, pafupi ndi khutu lawo lamanja, wina anatsonya.

Anafufuza swichi ya getsi kukhoma, n'kuyatsa. Kampando kanali pomwepo, popanda munthu. Nthawi inali itangopitirira 8 koloko. M'mutu mwawo munabwera chinthu chimodzi chokha, choti ku Mpingwe kwagwa zovuta. Anatenga foni n'kuimbira Alefa. Anayamba ndi moni wautali, kufunsa za chimfine, za keke, akuyembekeza kumva kulira kumbuyo. Kunkamveka azimayi akuseka ndi mapoto akugundana. Pomaliza anafunsa za odwala.

Alefa anati adadi ali bwino, agona kuyambira 6 koloko, akuliza mkonono. Anayesa kuwadzutsa kuti adye, koma tulo take tinali tachilendo, osatheka. Kenaka mawu ake anasintha, anamveka kuti akusangalala.

"Koma ankolo, mukanaona. Dzanja lija limayenda. Zala zimachita kuvina pabulangete. Zangosiya posachedwapa. Ndiye kuti mafizo aja ayamba kugwira, eti?"

A Zuze anati inde, mwina ayamba kugwira. Anatsanzika n'kudula foni.

Anakhala nthawi ataima, akuyang'ana kampando. Mantha anali atachepa, m'malo mwake munabwera chisoni, ndi kaukali pang'ono ka munthu amene akusokonezedwa pa ntchito. Anachotsa chipewa. Analankhula monga ankalankhulira zaka zonse zija.

"Achimwene, mavalavuwa ndi omwewa, ena kulibe. Mukawamaliza lero, Loweruka mwana alowa ndi chiyani? Pitani mukagone."

Anadikira. Kenaka anakankha kampando ndi phazi, ndipo kanatsetsereka mpaka kukagunda khoma.

Anayesanso komaliza. Timoto tiwiri tating'ono, tofanana. Anawerenga mpaka anatopa, anayang'ana wotchi, mphindi makumi awiri zinatha. Palibe chinafiira. Anabwezera zonse m'bokosi, anakhoma shopu, n'kukapeza minibasi yomaliza ikudikira anthu awiri. Kunyumba sananene kanthu. Akazi awo anangodabwa kuti munthu wosapemphera chakudya wapempherera tiyi.

Lachisanu ampu inakhala yoyaka kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osavuta. A Roy anabwera masana ndi gitala kudzayesa. Ndi bambo wofatsa, woimba bwino ndithu, koma pamalo popunthwa paja ankangopadumpha. Pofika madzulo a Zuze anali atamvetsa matenda a ampuyo, ngakhale kuti sakanatha kuwalemba pa pepala. Mwini wake akakhala maso, ampu ili bwino. Akagona, imafiira. Isanakwane 6 koloko anaizimitsa n'kuzula pulagi. Alefa atabwera, anamuuza zinthu ziwiri. Choyamba, iwo adzapita nayo okha kuholo ndipo adzakhala pambali pake. Chachiwiri, bambo ake asadzagone mpaka mwambo wolowa utatha, awapatse tiyi wamphamvu, awayankhulitse. Alefa anaseka, anati ndani angagone pa ukwati wa mwana wake.

Loweruka kunacha bwino, dzuwa linatuluka. Mwambo wa ku tchalitchi unatalika, abusa atapeza mpata wolalikira anthu amene sawaona kawirikawiri. Kenaka zithunzi. Pofika kuholo, cha m'ma 2 koloko, a Peterson anali atatopa, nkhope itagwa. Anawavalika suti yawo yakale ya gulu, imene tsopano inali kuwakulira. Njinga yawo ya odwala anaiika kutsogolo, pafupi ndi oimba, masitepe atatu kuchokera pa ampu. Ataona a Zuze anakweza dzanja lamanja, n'kufunsa molemera ngati chinthucho chikulira. A Zuze anati chikulira. Pankhope ya a Peterson panalibe chosonyeza kuti akudziwa za Lachinayi.

Holo inadzaza. Azimayi amene anauzidwa zoyankhulitsa odwala anatengeka ndi zokonza matebulo. A Zuze anagwada kuseri kwa ampu, anaphimba mutu ndi jekete kuti apange kamdima, n'kuyang'ana mavalavu. Onse bwino. Woyendetsa mwambo analengeza kuti akwati afika pakhomo, aliyense aimirire. A Roy anakoleka gitala.

A Zuze atatulutsa mutu mu jekete, anaona chibwano cha a Peterson chili pachifuwa.

Masitepe atatu okha. Akanatha kupita, kuwagwedeza phewa, n'kubwerera nyimbo isanayambe. Bamboyo akanadzuka, akanaona mwana wawo mmodzi yekhayo akulowa atavala zoyera, ndipo a Roy akanaimba bwinobwino, kudumpha pamene amadumpha. Mavalavu akanapulumuka. Zonsezi a Zuze anaziona m'kamphindi. Anaonanso dzanja lamanzere lija, pabondo, chala chimodzi chikuyamba kugwedera.

Sanapite.

Ngo. Ngo. Ngo. Ngo.

A Roy anali asanakhudze nsambo. Anayang'ana gitala yawo, anayang'ana ampu, kukamwa yasa. Nyimbo inatuluka yodzaza, yoyera, inafika mpaka kumapeto kwa holo. Nthungululu zinalira. A Roy, posowa chochita, anayamba kuyendetsa dzanja pamwamba pa nsambo osazikhudza, thukuta likutsika m'khosi.

Kuseri, valavu ya mbali ya njinga inali itafiira kale. Sipanafunikenso jekete, inkaoneka masanasana. Chala cha a Zuze chinali pa swichi. Zaka zonse za ntchito zinkawauza kuti azimitse. Anayang'ana kukhomo. Akwati anali akubwera monga amabwerera akwati, masitepe awiri kutsogolo, imodzi kumbuyo, osafulumira ngakhale pang'ono. Holo imeneyo njaitali. A Zuze, munthu wosatukwana, anatukwana chamumtima amene anayambitsa kavinidwe kameneka.

Nyimbo inafika popunthwa paja, inapunthwa, n'kudzuka. Alefa anaima. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana kutsogolo, osati kwa a Roy, koma kwa bambo ake. Anawaona atawerama, maso otseka, zala zikuthamanga pabondo. Mwamuna wake anam'koka pang'ono pamkono. Anayambanso kuyenda, misozi ikutsika, anthu n'kumati mkwatibwi wachita manyazi.

Fungo la chinthu chopserera linayamba kumveka. Thabwa la bokosi linatentha. A Zuze anachotsa chala pa swichi n'kuika manja onse awiri m'matumba, kuti angazimitse. Anawerenga mizere ya mipando imene inatsala. Isanu. Itatu. Umodzi. Akwati anakwera pa nsanja, anatembenuka, anakhala pansi. Nyimbo inatsika n'kutha pamene imathera. Pomwepo galasi linalira, thwa, fyuzi inapsa, kautsi kanakwera. M'manja munali mukuwombedwa, palibe anamva.

Za tsiku limenelo anthu amanena zosiyanasiyana mpaka pano. Achinyamata amati inali nyimbo yojambulidwa kale, a Roy ankangonamizira. A kwaya amati a Roy anadzazidwa ndi Mzimu, ngakhale kuti eni ake anabweza gitala ya mpingo sabata yotsatira ndipo safuna kufunsidwa. Ku Mpingwe, azimayi akamachapa, amatsitsa mawu n'kumati oimba akale aja sankangoimba, ampu imeneyo anaikhwimira, n'chifukwa chake inakana munthu wina. A Zuze akamva amangoti valavu inali yokalamba. Zimenezo siziwavuta. Chimene chimawavuta mpaka lero ndi chimene chinachitika kautsi kaja kasanathe n'komwe.

A Peterson anadzidzimuka. Anayang'ana uku ndi uku, anapukuta dovu ndi dzanja lamanja. Anaona anthu akukhala pansi. Anaona mwana wawo ali kale pa nsanja, chophimba kumaso atachotsa. A Zuze anali atafika pambali pawo, atagwada.

"Walowa kale?" anafunsa a Peterson.

"Walowa, achimwene."

A Peterson anayang'ana a Zuze. Anafunsa kuti nanga bwanji sanawadzutse, anthu onsewa, bwanji iwo a Zuze, amene anali pomwepo. Anati zaka zonsezi ankadikira kamphindi kameneka, kuti angomuona akuyenda. Anali kulira poyera, bambo wamkulu, misozi ikugwera pa suti.

A Zuze anawagwira bondo. "Mwamulowetsa ndinu. Nyimbo yonse, mpaka pothera. Simunaphonye paliponse."

A Peterson anayang'ana dzanja lawo lamanzere. Linali pabondo, lopindika, lozizira, monga lakhalira kuyambira Febuluwale. Analinyamula ndi lamanja n'kulibisa pansi pa jekete.

"Zuze," anatero, "ngakhale inu mukundiseka?"